Khanda limayang'ana pati? Kafukufuku wa maso kuchokera ku Atlanta mpaka ku Lungwena



Phunziro la teremu ino likukhudza kanthu kamene tonse timachita kosawerengeka tsiku lililonse koma osakaganizira, ndiko kutembenuza maso. Diso silikhazikika malo amodzi. Limalumpha katatu kapena kanayi pa sekondi iliyonse, kuima pang'ono, n'kulumphanso. Pamene laima m'pamene ubongo ukutola uthenga. Choncho amene wadziwa pamene maso a khanda amaima wadziwa chimene ubongo wa khandalo ukudya.

Maganizo amenewa si atsopano. Ibn al-Haytham, amene anabadwira ku Basra cha m'ma 965 n'kumwalirira ku Cairo cha m'ma 1040, anafotokoza m'buku lake la Kitab al-Manazir kuti timaona chifukwa kuwala kumalowa m'diso, ndiponso kuti kuona mongodutsa n'kosiyana ndi kupenyetsetsa, kumene diso limayenda pa chinthu mbali ndi mbali. Chimene iye analibe ndi chida choyezera mayendedwewo. Lero chidacho chilipo, ndipo chagwirapo ntchito m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi, ku Lungwena m'boma la Mangochi. Tiona chimene chinapezeka kumeneko, koma tiyambe ndi vuto limene linatchukitsa chidachi komanso munthu amene anachitchukitsa.

Autism n'chiyani

Autism ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ana ambiri. Mwana amabadwa nako, ngakhale zizindikiro zimaonekera pang'onopang'ono m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira. Amavutika kugawana maganizo ndi anzake, kumva tanthauzo la nkhope ndi la mawu, ndipo kawirikawiri amakonda kubwereza zinthu zomwezo: kundandalika zitsekerero za mabotolo, kukupiza manja, kukwiya kwambiri mukasintha njira yopitira kumsika. Ena salankhula n'komwe. Ena amalankhula bwino, amakhoza masamu kuposa anzawo, koma nthabwala ndi zining'a zimawapita. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore ndiye anafotokoza vutoli mwatsatanetsatane mu 1943 atawunika ana 11. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 100 alionse ali nalo, ndipo anyamata amapezeka nalo kwambiri kuposa atsikana. Werengani ana a m'masukulu a pulayimale ndi m'madrasa a kuno kwathu, mupeza nokha kuti nkhaniyi si ya kutali.

Chovuta n'chakuti palibe kuyeza magazi kumene kungaonetse autism monga timayezera malungo. Katswiri amayenera kukhala ndi mwanayo maola angapo, kumuona akusewera, kufunsa makolo. Akatswiri otere ndi ochepa ngakhale ku America, kumene ana ambiri amadziwika kuti ali ndi vutoli atafika kale zaka pafupifupi 4. Zaka zimene ubongo umaumbika mosavuta zimakhala zikutha.

Mmene makinawo amagwirira ntchito

Inu a Fomu 3 ndi 4 amene mwaphunzira za kuwala, apa m'panu. Mwana amakhala pamiyendo pa mayi ake kutsogolo kwa kompyuta. Pansi pa sikirini pali kachida kotulutsa kuwala kwa infrared, kumene maso athu sakuona ndipo sikupweteka. Kuwalako kukagunda diso kumasiya kadontho konyezimira pamwamba pake. Kamera imajambula kadonthoko pamodzi ndi mwanadiso, kanthu kakuda ka pakati pa diso kaja. Diso likatembenuka, mwanadiso amasuntha kwambiri pamene kadontho kaja kamangosuntha pang'ono, ndipo kompyuta imawerengera kusiyanako n'kudziwa malo enieni amene mwanayo akuyang'ana. Imachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi. Mwana safunsidwa funso, safunika kudziwa Chingerezi, safunika ngakhale kudziwa kulankhula. Amangoonera kanema basi.

Ntchito ya Ami Klin

Ami Klin anabadwira ku Brazil, anatenga digiri ya udokotala wa maphunziro a maganizo a munthu ku London mu 1988, n'kugwira ntchito zaka zambiri pa yunivesite ya Yale ku America. Kuyambira 2011 wakhala akutsogolera Marcus Autism Center mumzinda wa Atlanta. Kafukufuku wake wambiri wachita ndi mnzake Warren Jones.

Mu 2002 Klin ndi anzake anaonetsa zidutswa za filimu yakale ya 1966, yodzaza ndi mikangano ya m'banja, kwa anyamata ndi abambo achichepere 15 amene ali ndi autism komanso 15 amene alibe. Amene alibe ankatsata maso a ochita sewerowo: uyu wayang'ana uyo, uyo wayang'ana kumbali, apa pali chinsinsi. Amene ali ndi autism nthawi yawo yoyang'ana m'maso inali pafupifupi theka la ya anzawo, ndipo ankayang'ana kwambiri pakamwa, pathupi ndi pa katundu wa m'chipindamo. Onse anaonera filimu imodzi, koma anaona zinthu ziwiri zosiyana. Taganizirani munthu amene wakhala pabwalo la milandu kwa amfumu tsiku lonse, mawu onse wawamva, koma sanaone mmene mboni inagwetsera nkhope, kapena mmene ankhoswe anatsinzinirana. Akamachoka pabwalopo, mlandu waumva theka.

Funso lotsatira linali lakuti: kodi zimenezi zimayamba liti? Ofufuzawa anatsikira kwa ana a zaka 2, n'kupeza zofananazo mu 2008. Kenako anachita chinthu chofuna kuleza mtima kwambiri. Anatenga makanda 110 n'kumawayeza ka 10 kuyambira ali ndi miyezi 2 mpaka miyezi 24. Mwa iwo, 59 anali ndi mkulu wawo amene ali kale ndi autism, chifukwa m'banja lotere mpata woti mwana wotsatira akhalenso nalo umafika pafupifupi mmodzi mwa asanu. Anawo atafika zaka 3, madokotala anawaunika, ndipo ofufuzawo anabwerera ku zimene anajambula kale kuti aone ngati panali kusiyana pachiyambi.

Zotsatira zinatuluka mu 2013 m'magazini ya sayansi ya Nature, ndipo zinadabwitsa eni ake omwe. Anthu ambiri ankaganiza kuti mwana wa autism amabadwa wosayang'ana m'maso. Sizinali choncho. Pa miyezi 2 makanda amene pambuyo pake anapezeka ndi vutoli ankayang'ana m'maso mwa munthu monga anzawo. Kuyambira pamenepo mpaka miyezi 6 kuyang'anako kunayamba kutsika, n'kumatsikabe mpaka zaka 2, pamene kwa anzawo kunkakwera kapena kukhazikika. Kunena kwina, khomo limakhala lotsegula pachiyambi, n'kumatsekeka pang'onopang'ono. Kwa ine ichi ndicho chachikulu pa zonse zimene Klin wapeza, chifukwa chimene chikutsekeka pang'onopang'ono chingathe kuchirikizidwa chisanatsekeretu.

Koma ophunzira, zolowerani kufunsa chiwerengero. Kusiyana kumeneku kunaoneka poyerekeza anyamata 11 okha a autism ndi anyamata 25 opanda vutoli. Anthu 11 ndi timu imodzi ya mpira. N'chifukwa chake akatswiri ena anati zimenezi ziyenera kubwerezedwa ndi ana ambiri, ndipo sanalakwe kutero.

Mu 2017 gulu lomweli, pamodzi ndi John Constantino wa ku St. Louis, linayeza ana aang'ono 338, pafupifupi theka la iwo mapasa. Mapasa a dzira limodzi, ofanana ndendende aja, ankayang'ana m'maso ndi pakamwa mofanana kwambiri, 0.91 pa muyeso umene malire ake ndi 1. Mapasa wamba ankafanana ndi 0.35 yokha. Mapasa onsewa amakulira m'nyumba imodzi, kuyamwa bere limodzi. Kusiyanako kukuonetsa kuti mmene mwana amayang'anira anthu zimachokera kwambiri ku chibadwa. Mayi amene mukunenedwa kuti munalakwira miyambo muli ndi pakati, bambo amene mukunong'onezedwa kuti munamukhwimira mwana kuti bizinesi ya nsomba iyende, nambala ziwirizi ndi mboni zanu.

Zimene zinapezeka ku Lungwena

Zonse tanenazi zinachitikira ana a ku America, oleredwa m'nyumba za magetsi, ozolowera kanema. Ife a ku Lifuwu tikudziwa bwino kuti zimene zachita bwino kwina siziyenera kulandiridwa mwachimbulimbuli. Pasiteshoni ya kafukufuku wa mpunga imene tili nayo pafupi pano, mbewu yatsopano imayesedwa kaye m'timinda ting'onoting'ono nyengo zingapo isanaperekedwe kwa alimi. Chida choyezera ana chiyeneranso kuyesedwa m'dothi lathu.

Lungwena ali kutsidya kwa nyanja chakumwera, kugombe la kum'mawa, dera la asodzi ndi alimi, ambiri Ayao ndiponso Asilamu, moyo wofanana ndi wathu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 sukulu ya udokotala ya College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, yakhala ikuchita kafukufuku wa umoyo wa ana kumeneko pamodzi ndi yunivesite ya Tampere ya ku Finland. Mwa otsogolera muli Pulofesa Kenneth Maleta wa kuno kwathu ndi Pulofesa Per Ashorn wa ku Finland. Iwowa, pamodzi ndi katswiri wa kakulidwe ka ubongo wa makanda Jukka Leppänen, anabweretsa makina otsata maso kuchipatala chaching'ono cha kumudzi. Cholinga chawo sichinali kufufuza autism. Ankafuna njira yoyezera ubongo wa khanda m'dera limene ana ambiri amakula mopinimbira chifukwa cha kuchepa kwa zakudya.

Lipoti loyamba linatuluka mu 2017. Anayeza makanda 37 a ku Malawi ndi 39 a ku Finland, onse a miyezi 9. Pafupifupi ana 9 mwa 10 alionse, kuno ndi uko komwe, anamaliza mayeso onse. Ili linali yankho la funso loyamba: makinawo amagwira ntchito ngakhale kwa mwana amene sanazolowere sikirini.

Mayeso amodzi mwa amenewa ndi osavuta kuwamvetsa. Pakati pa sikirini pamaoneka chithunzi, mwina nkhope ya munthu, mwina chojambula cha mitundu yomweyo koma chosakhala nkhope. Pakapita sekondi imodzi, kumbali kumatulukira kanthu kena kokopa. Kompyuta imawerenga nthawi imene mwana watenga kuti achotse maso pakati n'kuyang'ana kumbaliko. Ngati pakati pali chojambula wamba, mwana amachoka msanga. Ngati pali nkhope, amakakamira. Mu 2019 Juha Pyykkö, wophunzira wa m'gulu lomweli, anayerekeza makanda mazanamazana a ku Finland, ku Malawi ndi ku South Africa, ndipo konseko nkhope inkagwira maso a mwana kuposa chojambula. Khanda la ku Lungwena limathera maola ambiri kumbuyo kwa mayi ake, likuona dziko kudzera paphewa, pamene la ku Tampere limakankhidwa pa kangolo. Komabe njala ya nkhope ya munthu ndi imodzi.

Gululi linapitiriza ndi makanda oposa 400 a ku Mangochi, ndipo apa panatuluka chinthu chimene ndikufuna ophunzira muchisunge. Ankayembekezera kuti khanda limene maso ake ndi achangu pa miyezi 9 lidzakhalanso patsogolo pa kulankhula, kuyenda ndi kuganiza likadzafika miyezi 18. Atawerengera, sanapeze mgwirizano wotere, ndipo mu 2020 anasindikiza zimenezo poyera. Wofufuza amene wathera zaka ndi ndalama pa chida, n'kulemba yekha kuti chidacho sichinalosere zimene ankayembekezera, ameneyo ndi wokhulupirika pa amana imene anapatsidwa. Kwa ife phindu lake n'lakuti tadziwa malire a makinawo: amaonetsa bwino pamene mwana akuyang'ana lero, koma si galasi loonera tsogolo la mwana aliyense.

Kugwetsa maso kwaulemu si autism

Pano pali msampha umene ungakole makolo ndi aphunzitsi a kwathu kuno mbali zonse ziwiri. Ife timaphunzitsa mwana kuti asamatong'olere maso akuluakulu. Mtsikana akamapereka madzi kwa alendo amagwada n'kuyang'ana pansi. Ndiponso Surat An-Nur, ndime 30 ndi 31, imalamula okhulupirira amuna ndi akazi kugwetsa maso awo pa zimene sizili zololedwa kwa iwo. Mlendo wochokera ku Ulaya atanyamula pepala lonena kuti kusayang'ana m'maso ndi chizindikiro, angalembe theka la kalasi yathu kuti ndi odwala. Sayansi yomwe ikuvomereza kuti chikhalidwe chimaumba kayang'anidwe: kafukufuku wa ku Glasgow wa 2008 anapeza kuti azungu poyang'ana nkhope amayendetsa maso pakati pa maso ndi pakamwa, pamene anthu a kum'mawa kwa Asia amaima kwambiri chapakati, cha pamphuno.

Mbali inayo ndi yoopsa kuposa. Mwana amene alidi ndi vuto angathe kubisika m'chikhalidwe chomwechi. Anthu n'kumati ndi wofatsa, ndi wamanyazi, watengera agogo ake. Zaka n'kumapita.

Tisiyanitse bwanji? Poyamba, msinkhu. Ulemu umaphunzitsidwa, ndipo lamulo la Surah lija likulankhula ndi anthu ozindikira. Khanda la miyezi 9 silidziwa apongozi kapena ashehe. Likamayamwa limayang'ana nkhope ya mayi ake, mukaliseka limabweza. Kachiwiri, mwana waulemu amagwetsa maso kwa akuluakulu okha; mukamuona pa phada kapena pa mpira wachikulunga, akuyang'anizana ndi anzake, akutsinzinirana, akuwerengana. Ndipo ngakhale wagwada pamaso panu, amaba kakuyang'ana kuti aone ngati mwakwiya. Iye akudziwa kuti m'maso muli uthenga, n'chifukwa chake akuwalemekeza.

Klin ndi Jones, pamodzi ndi Jennifer Moriuchi, anayesa mfundo yomweyi mu 2017 kwa ana a zaka 2. Ankafuna kudziwa ngati ana a autism amathawa maso chifukwa chowaopa. Atawakopa kuti ayang'ane m'maso mwa munthu wa pakanema, anawo anayang'ana, ndipo sanathawe msanga kuposa anzawo. Koma akasiyidwa okha sankabwererako. Pa msinkhu umenewo vuto silinali mantha. Maso a munthu sankawauza kanthu kapadera kuposa batani la malaya. Ndionjezere kuti achikulire ambiri a autism amanena kuti kuyang'anitsitsana kumawasowetsa mtendere, choncho mphunzitsi wa kumadrasa asamagwire mwana chibwano kuti amuyang'ane mokakamiza. Mwana wina amamva bwino akuyang'ana kumbali.

Chizindikiro chodalirika kuposa kuyang'ana m'maso ndi kugawana chidwi. Mayi aloza bwato limene likukocheza n'kunena kuti "taona!" Mwana wa chaka chimodzi amatsata chalacho, amaona bwatolo, kenako amatembenukira kunkhope ya mayi ake ngati akuti ndaliona. Akafika chaka ndi theka, iye mwini amaloza mbalame m'munda wa mpunga, osati kuti mumupatse, koma kuti muone naye. Amakubweretserani kachigoba ka nkhono kuti musangalale naye. Maso amayenda njira zitatu: mwana, chinthu, munthu. Njira imeneyi ilipo kwa Mchewa, Myao ndi Mfinishi, ndipo palibe mwambo umene umailetsa.

Phindu la wofufuza limayezedwa bwanji

M'mayunivesite, wofufuza amatchuka malinga ndi kuchuluka kwa anzake amene atchula ntchito yake m'zolemba zawo. Pepala la Klin la 2002 latchulidwa koposa ka 1,000, ndipo linatsegulira njira magulu ambiri ofufuza m'maiko osiyanasiyana. Koma kutchulidwa kokha si umboni wa choonadi. Mu 1998 Andrew Wakefield wa ku London anasindikiza lipoti la ana 12 limene linachititsa anthu kukhulupirira kuti katemera wa chikuku amayambitsa autism. Nayenso anatchulidwa kwambiri. Zinadzadziwika kuti ntchitoyo inali yachinyengo. Magazini ya The Lancet inachotsa lipotilo mu 2010 ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala chaka chomwecho. Kafukufuku wa ku Denmark wa 2019, wa ana oposa 650,000, sanapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemerayo ndi autism. Koma bodzalo likuyendabe pa WhatsApp mpaka lero, ndipo ana osabayidwa katemera akudwala chikuku. Zizindikiro za autism zimaonekera pa msinkhu umene ana amalandira akatemera, n'chifukwa chake anthu amaziphatikiza. Koma kumbukirani makanda a Klin aja, amene maso awo anayamba kusintha asanakwane miyezi 6, katemera wa chikuku asanafike.

Muyeso wabwino ndi kufunsa kuti ntchitoyo yasintha chiyani kwa mwana. Mu 2022 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linaloleza chida chotchedwa EarliPoint, chochokera mu ntchito ya Klin ndi Jones, kuti chizithandiza madokotala poyeza ana a miyezi 16 mpaka 30. Mwana amaonera kanema wa ana akusewera kwa mphindi zochepa, makina n'kumawerenga maso ake ka 120 pa sekondi. Pa mayeso amene anasindikizidwa mu 2023, a ana 475 m'zipatala 6, chidacho chinazindikira 71 mwa 100 alionse amene akatswiri anati ali ndi autism, ndipo chinamasula pafupifupi 81 mwa 100 amene alibe. Werengani motembenuza: pa ana 10 a autism chimaphonya atatu, ndipo pa ana 10 opanda vutoli chimanamizira awiri. Ndi wothandizira dokotala, si dokotala. Dziwaninso kuti ofufuza awiriwa ali ndi gawo mu kampani yogulitsa chidachi. Iwo eni amanena zimenezi poyera m'malipoti awo, ndipo sizikutanthauza kuti ananama. Zikungotanthauza kuti mawu omaliza ayenera kuchokera kwa ena amene sapindula nacho.

Ndipo kanema wake ndi wa ana a ku America, olankhula Chingerezi. A ku Qatar anaona vuto limeneli, ndipo ofufuza a Qatar Biomedical Research Institute, motsogozedwa ndi Fouad Alshaban, anakonza mayeso a maso a m'Chiarabu, okhala ndi nkhope ndi zovala za kwawo. Kuno kwathu njira imeneyi inayendedwapo kale pa mayeso a pepala. Mu 2010 dokotala wa ana Melissa Gladstone ndi anzake anatulutsa Malawi Developmental Assessment Tool, muyeso wa kakulidwe ka mwana wa mafunso 136, atauyesa kwa ana oposa 1,400 a m'midzi ya ku Malawi, chifukwa miyeso ya ku Ulaya inkafunsa mwana wa kumudzi zinthu zimene sanazionepo. Lero ukugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri kunja kwa Malawi. Palinso ntchito yotchedwa STREAM, yotsogozedwa ndi Bhismadev Chakrabarti wa yunivesite ya Reading, imene inayesa ana osapitirira zaka 6 ku Blantyre ndi ku Delhi pogwiritsa ntchito tabuleti wamba yonyamulidwa ndi wogwira ntchito amene si dokotala. Mwa masewera ake muli ena oona ngati mwana amakonda kuyang'ana anthu kapena zinthu. Kwa ine, imeneyi ndiyo njira imene ingadzafike ku Lifuwu, chifukwa tabuleti ingakwere njinga ya alangizi a zaumoyo.

Kwa makolo ndi a komiti

Musadikire makina. Ngati mwana wakwanitsa chaka koma satembenuka mukamuitana dzina, ngati wafika chaka ndi theka osaloza, osakuonetsani zinthu, osatchula liwu lililonse, kapena ngati anayamba kulankhula n'kusiya, kanenedweni kusikelo. Pemphani kuti ayambe amuyeza makutu, popeza mwana wosamva amaonetsa zina mwa zizindikiro zomwezi, ndipo mafinya a m'khutu si achilendo kwa ana osambira m'nyanja. Nenaninso ngati anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo, kapena ngati amagwa khunyu. Akakutumizani kuchipatala chachikulu cha Salima kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, pitani ndi buku lake la kusikelo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza pa nkhani za ubongo ndi maganizo, ndipo koleji ya Montfort ku Chiradzulu imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Duwa ndi ruqya sizitsekereza njira ya kuchipatala. Chimene chimapweteka mwana ndi kumuzungulitsa kwa asing'anga zaka zitatu, kumutema mphini, kapena kumutsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi.

Palibe mankhwala ochotsa autism, ndipo amene akukugulitsani botolo lotere akukuberani. Chimene chimathandiza ndi chotsika mtengo koma chofuna nthawi: kukhala pansi moyang'anizana ndi mwana, kulowa m'sewero limene iye wasankha, kutchula dzina la chimene akuyang'ana, kudikira kuti ayankhe ngakhale ndi dzanja. Ngati akonda kuthira mchenga m'chitini, thirani naye, muime, mudikire akuyang'aneni kuti mupitirize. Mphindi zimenezo n'zimene zimachirikiza khomo lija.

A komiti ya mzikiti, kwa inu pempho ndi laling'ono. Ana ena otere amamva phokoso mopweteka. Chimkuzamawu cha pa Jumu'ah chimene ife tachizolowera chingathe kumulizitsa mwana n'kumuthamangitsira panja. Bambo wobwera ndi mwana wotere apatsidwe malo cha pakhomo, ndipo asayang'anidwe ngati walephera kulera. Kumadrasa mudzakumana ndi mwana woloweza Surah msanga kuposa onse koma wolephera kuyankha mukamufunsa kuti wadya chiyani. Ameneyo si wamwano, ndipo ndodo siimuonjezera kanthu.

Ntchito ya ophunzira a Fomu 3 ndi 4 nayi. Pemphani chilolezo kwa mayi wa mwana wa pakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri, wa pakhomo panu kapena wa oyandikana nawo. Mwana ali wokhuta ndi wosangalala, khalani patsogolo pake, mutchuleni dzina, kenako lozani chinthu chimene chili patali pang'ono. Chitani katatu, masiku atatu osiyana. Lembani msinkhu wake m'miyezi, ngati anatembenuka, ngati anayang'ana chala chanu kapena chinthucho, ndiponso ngati anabwereranso kunkhope yanu. Dzina la mwana musalembe, ndipo musauze mayi aliyense kuti mwana wake ali ndi vuto. Inu mukuphunzira kuona, simukuyeza matenda. Mubweretse zolembazo Lachinayi la sabata yachitatu, tidzaziike pamodzi pabolodi monga mwa miyezi ya anawo, in shaa Allah.